Asodzi Ovuula Chitsulo M'nyanja ya Mchere

Anzanga alimi a ku Nsambe, ndi inu nonse amene muwerenga nyuzi ino kapena kumvera ana anu alikukuwerengerani madzulo, lero ndiri ndi ngongole yoti ndibweze.

Mwezi wathawu tinali ndi msonkhano pa munda wa chitsanzo, kupangana za akalozera ndi udzu wa vetiva mvula isanadze. Nditatha mau anga ndinafunsa, monga ndichitira masiku onse, ngati alipo wina wofuna kufunsa kanthu. Ine ndinali kuyembekeza funso la feteleza kapena la chiwau cha mbatatesi. Koma kunaimirira agogo ena a imvi, amene pa unyamata wao anakagwira nchito m'migodi ya ku Joni, ndipo anati: "Alangizi, mdzukulu wanga wandiwerengera m'foni mwake kuti kuli anthu amene alikuvuula mwala uja wa ku Kayelekera m'madzi a m'nyanja, ndi ulusi wolukira majuzi. Kodi mwanayu wayamba kundinamiza? Ngati nzoona, nanga ife tinkaloweranji kunsi kwa nthaka?"

Anthu onse anaseka, inenso ndinaseka nao. Ndinalakwa. Nditabwerera kunyumba ndinafunafuna m'mabuku ndi m'zolemba za akatswiri, ndipo ndinapeza kuti nkhaniyi njoona, ngakhale siiri monga anthu aikambira pa msika.

Komanso si nkhani yongocheza nayo pa bwalo iai. Chitsegulidwirenso mgodi wa Kayelekera, dzina la yureniyamu liri pakamwa pa aliyense. Ndidziwa anyamata awiri a kuno kumtunda amene afuna kugulitsa mbatatesi zao za mbeu kuti apeze ndalama ya basi, akafune nchito ku Karonga. Ndamvanso za alendo oyenda m'midzi kufunsa miyala ya maonekedwe achilendo. Munthu asanagulitse mbeu yake, kapena kulozera mlendo phiri la makolo ake, ayenera ayambe wadziwa chinthu chimene anthu alikuchithamangira.

YURENIYAMU NCHIANI?

Yureniyamu ndi mtundu wa chitsulo, wolemera kupambana mtovu. Simungasule naye khasu kapena nkhwangwa. Mtengo wake uli m'kutentha kumene abisa m'kati mwake. Akatswiri anena kuti zinthu zonse zinapangika ndi tizidutswa tosaoneka ndi maso, totchedwa maatomu. Atomu ya yureniyamu ikasweka pakati itulutsa kutentha, ndipo zotuluka m'menemo zikaswanso maatomu oyandikana nayo, monga moto wolusa ukagwira tchire la mwezi wa Okutobala. Moto umenewu akauweta bwino m'ng'anjo yotchingidwa ndi zitsulo ndi simenti, uwiritsa madzi, nthunzi yake izunguza magudumu, ndipo magudumuwo apanga magetsi. Nchimodzimodzi ndi magudumu amene madzi a Shire azunguza ku Nkula chiyambire 1966, ndi ku Tedzani chiyambire 1973. Kuno kwathu okankha ndi madzi, kwinako yokankha ndi nthunzi.

Inu amene munatsikirako kumunsi kwa boma lathu munaiona sitima yaitali ya malasha yochokera ku Moatize kunka ku doko la Nacala. Tsono kilogalamu imodzi ya yureniyamu ipatsa kutentha kolingana ndi matani 15 kapena 20 a malasha amenewo. Ichi ndicho chifukwa chake maiko amfuna. Mu Africa monse nyumba yopanga magetsi mwa njira iyi imene irikugwira nchito ndi imodzi yokha, ya Koeberg pafupi ndi Cape Town, imene inayamba mu 1984. Dziko la Egypt linayamba kumanga yake mu 2022. Ife tiribe, ndipo yense amene akumbidwa ku Karonga ngwogulitsa kunja.

Tisabise kuti moto womwewu ukatayiriridwa ndiwo bomba lija linaononga mzinda wa Hiroshima pa 6 Ogasiti 1945, ndipo mwala wambiri wopangira bombalo unachokera ku mgodi wa Shinkolobwe ku Congo. Agogo aja ali ndi mbali yao pa mbiriyi. Kuyambira 1952 migodi ina ya ku Joni inayamba kupatula yureniyamu m'miyala yomweyo yotulutsamo golide. Motero abale athu a Wenela, pokweza miyala m'ngolo kunsi kuja, anali kunyamulanso yureniyamu, kapena osadziwa nkomwe.

ANAFIKA BWANJI M'NYANJA?

Yureniyamu sali ku Kayelekera kokha. Ali m'miyala ndi m'dothi pafupifupi paliponse, ngakhale m'munda mwanu momwe, koma pang'ono zedi: magalamu awiri kapena atatu m'tani yathunthu ya dothi. Galamu imodzi ilemera monga njere zitatu za chimanga. Musachite mantha, pakuti makolo athu analima dothi lomweli nadya zake. Mgodi ndiwo malo amene yureniyamu anaunjikana pamodzi. Ku Kayelekera tani imodzi ya mwala iri ndi pafupifupi kilogalamu yathunthu.

Mvula ikagwa pa mapiri athu ano, madzi alowa m'ming'alu ya miyala nasungunula pang'ono pang'ono zimene ziri m'menemo, monga mchere usungunuka m'ndiwo. Madziwo atsika ndi timitsinje tathu, kaya kudzera mu Lisungwi kaya mu Mkulumadzi, nathira mu Shire. Shire athira mu Zambezi, ndipo Zambezi akathira m'nyanja ya mchere cha ku Chinde, m'dziko la Mozambique. Kumeneko dzuwa litenga madzi okha kupanga mitambo, koma zonse zosungunuka zitsala.

Mukafuna kuona ichi ndi maso, yerekezani nyanja zathu ziwiri. Nyanja ya Malawi iri ndi khomo lotulukira, ndilo Shire ku Mangochi, ndipo madzi ake amweka. Nyanja ya Chilwa iribe khomo. Mitsinje ingothiramo, dzuwa nkumatenga madzi, ndipo madzi ake ngamchere. Nyanja yaikulu ya mchere ndiyo Chilwa wa dziko lonse lapansi. Yakhala irikulandira za mitsinje yonse kwa zaka zosawerengeka, ndipo akatswiri awerenga kuti tsopano muli yureniyamu wokwana matani 4,500,000,000. Wa m'migodi yonse yodziwika pa mtunda ndi pafupifupi matani 8,000,000, ndipo maiko onse pamodzi atha matani ngati 65,000 pa chaka. Ndiye kuti wa m'nyanja apambana wa pa mtunda koposa ka 500.

Pomva chiwerengero chotere mtima uthamanga. Koma tadikirani, titunge madziwo ndi ndowa.

NDOWA 15,000

M'malita 1,000 a madzi a m'nyanja, ndiyo migolo isanu ya malita 200, muli yureniyamu wongopitirira pang'ono magawo atatu mwa magawo 1,000 a galamu imodzi. Kuti mupeze galamu yathunthu, njere zitatu zija za chimanga, mufunika malita 300,000, ndizo ndowa 15,000 za malita 20. Amai amene atunga ndowa khumi pa tsiku, osapuma ngakhale la Mulungu, adzatha zaka zinai ndi mwezi umodzi asanakwanitse. Ndipo akati aphike madzi onsewo kufikira aphwe, adzatsala ndi mchere matani 10, matumba oposa 200 a makilogalamu 50, ndipo galamu ija iri yomwazika m'matumba onsewo. Ndani angaitole?

Apa ndipo panagona vuto chiyambire. Akatswiri a ku Harwell m'dziko la Britain analengeza mu 1964 kuti apeza ufa wina, wochokera ku chitsulo cha titanium, umene ukoka yureniyamu madzi akamadutsamo. A ku Japan anamanga nyumba yoyesera njirayo ku Nio m'zaka za m'ma 1980, napopa madzi a m'nyanja ndi makina. Yureniyamu anampeza ndithu, koma kupopa madzi ochuluka chotero kudya mphamvu ndi ndalama zambiri. Yense amene anathirirapo dimba ndi pampu ya petulo adziwa kuti mafuta akhoza kudya phindu lonse la kabichi.

Wina adzafunsa: ngati dothi wamba liri ndi magalamu awiri kapena atatu pa tani, kupambana madzi a m'nyanja pafupifupi ka 1,000, alekeranji kukumba dothi? Yankho lake ndi ili. Wa m'dothi ndi m'mwala ngwomangika. Ayenera kukumba, kunyamula, kupera, ndi kuthira asidi kuti asungunuke, ndipo zonsezi zilira ndalama. Wa m'nyanja anasungunuka kale, ndipo madziwo ayenda okha usana ndi usiku, osalipidwa. Chofunika ndi msampha basi.

MONO WA ULUSI

Msodzi wa mono satunga mtsinje wonse kuti apeze nsomba. Atchera mono wake podutsa madzi, napita kukagona. Madzi adutsa, nsomba itsala. Nzeru iyi ndiyo imene akatswiri a ku Japan anatsata. Anatenga ulusi wa pulasitiki naukonza ndi mankhwala otchedwa amidoxime. Yureniyamu akakhudza ulusi wotere akakamira pomwepo, koma mchere ungodutsa. Muganize za chisoso: mukapita m'munda, udzu wa mitundu yonse ukukhudzani nutsala, koma chisoso chokha mufika nacho kunyumba chiri pa buluku.

Pakati pa 1999 ndi 2001 anamiza nsalu za ulusi umenewu, zolemera makilogalamu 350, m'zikwere zazitsulo pa mtunda wa makilomita 7 kuchokera ku gombe la Aomori, kumpoto kwa Japan. Masiku onse amene nsaluzo zinakhala m'madzi anakwana 240. Pozivuula anazitsuka ndi asidi wosalimba, yureniyamu nachoka pa ulusi kulowa m'madzi otsukirawo, ndipo atawaumitsa anapeza kilogalamu imodzi ya ufa wachikasu umene amalonda autcha yellowcake, womwewo umene utuluka ku Kayelekera. Taonani: nsalu zolemera monga matumba 7 a feteleza, miyezi 8 m'madzi, zokolola kilogalamu imodzi.

Pambuyo pake anasiya zikwere, popeza zinali kudya ndalama zambiri, nayamba kuluka ulusiwo kukhala zingwe za mamita 60. Chingwe achimangirira pansi pa nyanja, ndipo chiimirira chokha m'madzi monga bango, mafunde nkumachigwedeza. Anaziyesa ku Okinawa, kumene madzi ngofunda, ndipo kilogalamu ya ulusi inagwira galamu imodzi ndi theka pa masiku 30, katatu kupambana kumpoto kuja. Kuluka kunathandiza, kufunda kwa madzi kunathandizanso. Pa ichi nyanja ya anansi athu a ku Mozambique njoyenera, chifukwa njofunda.

Akatswiri a ku America, a ku Oak Ridge ndi a ku Sequim, anapitiriza nchitoyi kufikira ulusi wao unagwira magalamu 5 kapena 6 pa kilogalamu m'masabata 8. Ndipo mu 2018, ku Sequim komweko, analengeza kuti atenga ulusi wamba wa acrylic, mtundu womwewo umene amai alukira majuzi ndi zipewa za ana, naukonza ndi mankhwala, napeza nao magalamu 5 a ufa wachikasu. Iyi ndiyo nkhani imene mdzukulu uja anawerenga. Magalamu 5 ndiwo pafupifupi feteleza amene muthira pa phando limodzi ndi kapu ya nambala 5. Mu 2023 a ku China nao anamanga nsanja yaikulu yoyesera pa nyanja ya kumwera kwa dziko lao.

Mono umenewu uli ndi adani ake. Ndere ndi tinkhono zimera pa ulusi nizitseka malo ogwirira. Chitsulo china chotchedwa vanadium chikakamira kolimba kupambana yureniyamu, ndipo chivuta kuchotsa, monga kaufiti m'munda wa chimanga. Ulusi ufooka nthawi iriyonse autsuka ndi asidi, kotero sungabwezedwe m'madzi kosalekeza. Zombo zokatchera ndi kukavuula zimwa mafuta, ndipo namondwe safunsa mwini zingwe. Tsono ng'anjo imodzi yaikulu ya magetsi idya yureniyamu pafupifupi matani 200 pa chaka. Kuti muidyetse mufunika zokolola za ku Aomori zija ka 200,000. Kufikira lero palibe dziko limene liyatsa magetsi ake ndi yureniyamu wa m'nyanja.

MTENGO NDIWO UWERUZA

Akatswiri a ku America, powerengera m'zaka za m'ma 2010, anapeza kuti kilogalamu ya yureniyamu wa m'nyanja ingadye madola pakati pa 400 ndi 1,000. Wa ku mgodi anali kugulidwa pafupifupi madola 200 pa kilogalamu mu 2025. Palibe wamalonda amene angasiye chotsika mtengo nagula chokwera pamene katundu ndi mmodzi.

Nanga alimbikiranji? Japan ndi dziko la zisumbu, lopanda migodi ya yureniyamu yoti nkudalira, ndipo agula kunja. Kwa iwo nyanja iri monga chinangwa chimene mlimi wochenjera abzala m'mphepete mwa munda. Sachidya chaka cha zokolola, koma podziwa kuti chiripo agona tulo, ndipo wogulitsa chimanga sangamuopseze ndi mtengo wopitirira. Mtengo wa yureniyamu wa m'nyanja ukatsika, udzakhala ngati denga limene eni migodi sangalipyole. Apa mpamene nkhani ya kutali ija ikhudza dziko lathu.

Tamvani mbiri ya Kayelekera, makamaka inu anyamata. Mwalawo unapezeka m'zaka za m'ma 1980, koma unakhala chigonere zaka zoposa 20 chifukwa mtengo unali wotsika. Mu 2007 mtengo unakwera kufika madola 136 pa paundi ya ufa wachikasu. Kampani ya ku Australia yotchedwa Paladin inamanga mgodi, ndipo Pulezidenti Bingu wa Mutharika anautsegula mu Epulo 2009. Boma linali ndi magawo 15 mwa 100. Ufawo unali kuyenda pa malole kudzera ku Zambia kufikira doko la Walvis Bay ku Namibia. Koma pa 11 Malichi 2011 chivomezi ndi mafunde aakulu zinaononga ng'anjo za ku Fukushima, ku Japan komwe kuja. Japan anazimitsa ng'anjo zake zina zonse, Germany anaganiza zosiyiratu, ndipo mtengo unagwa. Mu 2014 unatsika kunsi kwa madola 30, mgodi unaima, ndipo anthu mazana anabwerera kwao. Mwala unalipo, makina analipo, manja analipo. Chimene chinatseka mgodi chinachitika kutsidya kwa nyanja.

Mu 2020 kampani yina ya ku Australia, Lotus Resources, inagula mgodiwo. Mu Januwale 2024 mtengo unapitiriranso madola 100, ndipo mu Ogasiti 2025 mgodi unatsegulidwanso. Ndi nkhani yabwino kwa dziko, pakuti tisowa ndalama zakunja zogulira feteleza ndi mafuta. Koma mgodi wotere ulemba anthu mazana, si zikwi makumi, ndipo ufuna oyendetsa makina aakulu, owotcherera, a zamagetsi ndi ena okhala ndi mapepala a maphunziro ao. Ku Karonga komweko kuli anyamata ambiri oyembekeza pa chipata. Kwa anyamata awiri aja ndinena poyera: ngati mulibe kalata yokuitanani, musagulitse mbeu. Mbatatesi ya ku Nsambe iri ndi msika ku Blantyre chaka ndi chaka, ndipo mukaigulitsa lero mudzaigula pa mtengo wowirikiza mvula itagwa, mwina yodwala kale.

Pali chinanso chimene ine ndiyamikira njira ya m'nyanja, ngakhale ikali yodula. Mgodi ukatulutsa kilogalamu imodzi, makilogalamu 999 atsala pa malopo monga matope osakanizika ndi asidi, ndipo matope amenewo ayenera kusungidwa m'damu zaka zambiri mgodi utatsekedwa. Fumbi la mwala wa yureniyamu ndi mpweya wosanunkha wotchedwa radon, umene utuluka m'mwalamo, zidwalitsa mapapo a munthu wozipuma nthawi yaitali. Anthu a ku Karonga akhala alikufunsa za madzi a mtsinje wa Sere, umene uthira mu North Rukuru, ndipo North Rukuru athira m'nyanja ya Malawi. Funso lao nlabwino, ndipo nchifukwa cha zotere kuti mu 2011 kunakhazikitsidwa lamulo loyang'anira zinthu za mphamvu ya atomu, ndi bungwe lake la Atomic Energy Regulatory Authority. Chingwe cha m'nyanja sichikumba dzenje, sichisamutsa mudzi, sichisiya damu la matope.

NANGA KUNO KWATHU?

Ambiri mukumbukira ndege zija zinali kuuluka m'munsi m'munsi mu 2013 ndi 2014, zimene anthu anazitcha Kauniuni. Zinali ndi makina ounika miyala ya pansi, ndipo mwa zimene zinali kuyesa munali mphamvu yotuluka mwa yureniyamu. Pafupi ndi ife, ku Thambani m'boma la Mwanza, limene tinali nalo limodzi kufikira 2003, kampani ya Mkango Resources inafufuza yureniyamu ndi zitsulo zina za niobium ndi tantalum m'zaka za m'ma 2010. Kufufuza si mgodi iai. Mwaona kale kuti ku Kayelekera kunapita zaka zoposa 20 kuchokera pa kupeza kufikira pa kukumba, ndipo malo ambiri ofufuzidwa sakhala migodi konse.

Chifukwa chake mlendo akadza m'mudzi nanena kuti agula miyala, kapena afuna kukumba maenje m'munda mwanu, musayambe ndi kufunsa mtengo. Mwa lamulo, chuma cha pansi pa nthaka nchadziko lonse, ndipo wofufuza kapena wokumba ayenera kukhala ndi chiphaso cha Boma. Mfunseni chiphasocho, mupite naye kwa amfumu, ndipo amfumu adziwitse ofesi ya Bwanamkubwa ku Neno. Wokhala ndi chiphaso saopa kufika kumeneko. Akaononga mbeu kapena mitengo yanu ya nachesi, lamulo liti alipire. Musadinde chala pa pepala limene simunalimve. Yureniyamu sadziwika ndi maso, ayesedwa ndi makina. Motero amene akuuzani kuti mwala wachikasu wa kudambo ndi chuma, ndipo mumpatse ndalama kuti akauyezetse, afuna ndalama yanuyo, si mwalawo. Musasungenso miyala yosadziwika kuchipinda kogona ana.

Poti ndine mlangizi, ndiloleni ndibwerere ku akalozera anga, ndi masamu amene anandiseketsa ndekha usiku. Kafukufuku wa Boma pamodzi ndi bungwe la FAO anapeza kuti mu 2014 hekitala imodzi m'dziko muno inali kutaya dothi matani 29 pa chaka, poyerekeza dziko lonse. Pa magalamu awiri kapena atatu pa tani, ndiye kuti hekitala imodzi yosasamalidwa itumiza kumtsinje yureniyamu wa magalamu pafupifupi 60 kapena 90 chaka chirichonse, koposa ka 10 zimene akatswiri a ku Sequim anapeza ndi ulusi wao! Palibe amene angamtole, ndipo simunali kumfuna. Koma m'matani 29 omwewo mwapita chonde, manyowa amene munasenza pamutu, ndi feteleza amene munagulitsira mbuzi. Ndipo dothilo lambiri silifika ku Chinde. Likhazikika m'madamu a magetsi a pa Shire, nilichepetsa madzi ozunguza magudumu, ndipo chipatala ndi chigayo zikhala mu mdima. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mabanja 11 okha mwa 100 ndiwo anali kuunikira ndi magetsi. Magetsi amene adzafika m'midzi yathu zaka zirinkudzazi adzachokera ku Shire ndi ku dzuwa, si ku nyanja ya mchere.

WA YANI?

Sabata yatha ndinapita kwa agogo aja kukapereka yankho. Ndinawapeza kudimba, ndipo tinakhala pa mzere wa nzimbe ndi kuwafotokozera zonsezi. Anamvetsera osandidula. Nditatha anati: "Ndamva, mwana wanga. Koma poti mwati wina wa yureniyamu ameneyo anachoka m'mapiri mwathu muno, akamvuula kumeneko adzakhala wa yani?"

Pa ichi maiko anapangana mu 1982, ndipo Malawi analowa m'panganolo mu 2010. Chuma cha m'madzi ndi cha pansi pa nyanja, kufikira makilomita 370 kuchokera ku gombe, nchadziko limene liri ndi gombelo. Motero wovuulidwa pafupi ndi Chinde kapena Nacala adzakhala wa Mozambique. Kupitirira pamenepo ndi nyanja ya onse, ndipo dziko lopanda gombe monga lathu liri ndi ufulu woyendetsa zombo kumeneko, ndi wodutsa kwa anansi kunka ku doko mwa chimvano.

Agogo anaseka nati ndiye nchimodzimodzi nkhuku yokaikira kwa eni ake. Anakhala chete pang'ono, kenaka anati: "Koma mukamuuze mdzukulu wanga kuti sananame. Ndinamkalipira pamaso pa anzake."

Mwanayo sindinampeze, anali ku sukulu. Tsono iwe mphwanga, poti ndiwe amene udzawawerengere agogo ako nyuzi ino, ukafika pano ukweze mau kuti ndi anzako omwe amve: sunaname.